Chaka chimodzi cha magetsi a mphepo ndi a sola opanga okha kumtunda kwa Dedza

Lipoti ili likufotokoza ntchito ya anthu atatu a m'mudzi wina kumtunda kwa boma la Dedza, omwe amadzipangira magetsi a mphepo ndi a dzuwa pa nthawi yawo yapadera. Ine ndine mmisiri wa zamagetsi. Mbali yanga idali kuwayendera, kuyeza zomwe alumikiza ndi kuwaunikira pomwe zathina. Sadandilembe ntchito, ndipo palibe bungwe lomwe lidawaponyera khobidi. Ndalama zonse zidachokera ku mbatata ya kachewere, ku malipiro a pamwezi ndi ku banki m'khonde. Mayina awo ndawasunga. Wina ndi bambo wokonza njinga pamsika, wina ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo wachitatu ndi mtsikana yemwe adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira malo ku sukulu ya ntchito zamanja. Chaka chomwe ndikunena chayambira mu Epulo, mvula itangosiya, kufika mu Malichi wotsatira.

Onse atatu mukawafunsa chomwe chidawakopa amatchula William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe ku Kasungu, yemwe mu 2002, ali ndi zaka 14, adaimika makina a mphepo pa nsanja ya bulugamu atasiya sukulu chifukwa cha njala ya nthawi imeneyo. Zipangizo zake zidali zotola: dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki owongoledwa pamoto. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED, wa anthu ofotokoza nzeru zatsopano, ku Arusha, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Nkhani yake idachotsa manyazi pa munthu wotola zitsulo kudzala, ndipo pa ichi ndimamulemekeza kwambiri. Koma ambiri adangotolapo chithunzi choti mapiko akazungulira basi magetsi apezeka. Dayinamo ya njinga imatulutsa 3W, yaikuluko 6W. Ndipo kwawo kwa Kamkwamba komweko, madzi akumwa adadzayamba kupopedwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse ndi omwe amaunikira ndi magetsi, pomwe oposa theka amadalira tochi za mabatire. Mudzi uno uli m'gulu lalikululo. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, batire ndi sola si zinthu zogula mwamasewera. Batire limodzi likafa msanga, banja lataya ndalama ya mbatata ya munda wathunthu.

Momwe zinthu zidaliri mu Epulo

Bambo wokonza njinga ndiwo adali ndi makina okopa maso. Mapiko atatu odulidwa ku paipi ya PVC, otambalala mamita 2, ankatembenuza limu ya njinga, limuyo n'kumakoka ndi lamba alternator ya galimoto, chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamayenda. Nsanja idali ya mabulugamu, kuseri kwa nyumba, pakati pa mtengo wa mapeyala ndi khola la mbuzi. Ana a sukulu ankaima panjira kuonerera. Koma batire lomwe adalumikiza pamenepo m'malo modzaza linkatsika. Funso lawo loyamba lidali lakuti, "Amisiri, chikuzungulira chonchi, nanga moto ukuthawira kuti?"

Aphunzitsi adali ndi sola ya 100W yogonekedwa pa malata, yolumikizidwa mwachindunji ku batire la galimoto la N100 popanda leguleta, kachipangizo koteteza batire kuti lisadzaze kapena kutsika mopitirira. Pamenepo adakolekapo inveta yotchipa (yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa magetsi a m'nyumba), TV, mababu anayi ndi mulu wa mafoni a anansi. Adali atataya kale mabatire angapo, ndipo ankakhulupirira kuti mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Mtsikana adali ndi kasola ka 20W, kabatire ka njinga yamoto ndi mababu awiri a LED. Mwa atatuwa, ndiye yekha yemwe nyali yake inkayaka usiku uliwonse.

Tisanagwire waya uliwonse tidagwirizana kuti aliyense akhale ndi kope la sukulu. M'mawa dzuwa lisanagunde sola, zonse zili zozimitsa, alembe zomwe batire likuwerenga pa mita yoyezera magetsi; madzulo alembenso. Mita idali imodzi, choncho mtsikana ndiye adatenga udindo wozungulira nayo makomo atatuwo. Chida choyezera mphepo tidalibe, ndiye tidagwiritsa ntchito maso monga amachitira oyenda panyanja kuyambira kale. Masamba akangonjenjemera, mphepo ili pakati pa mamita 2 ndi 3 pa sekondi. Timphukira tikamagwedezeka osaleka, ili pa 4 kapena 5. Fumbi ndi mapepala zikayamba kuuluka, yafika pa 6 kapena 7. Mitengo ing'onoing'ono ikamaweramira mbali imodzi, yadutsa 8. Kope limeneli ndilo lidatsogolera chilichonse chomwe tidachita chaka chonsechi.

Makina a mphepo

Moto sunkathawira kulikonse. Sunkapangidwa n'komwe. Alternator ya galimoto idapangidwa kuti iziyendetsedwa ndi injini, ndipo siyamba kutchaja isanazungulire ka 1,000 kapena kuposerapo pa miniti. Ilibe maginito enieni mkati. Imadzipangira umaginito pokoka ma amp atatu kapena anayi kuchokera ku batire lomwelo lomwe mukufuna kudzaza. Mphepo ikakhala yochepa, alternator imadya osabweza. Limu ya njinga ndi lamba zinkachulukitsa liwiro ndithu, koma zinkalemetsa mapiko moti mphepo ya masiku wamba inkalephera kuwafikitsa pomwe pafunika.

Apa tidakhala pansi ndi cholembera, chifukwa masamu a mphepo ndi omwe amapulumutsa ndalama za anthu. Mapiko otambalala mamita 2 amasesa malo okwana masikweya mita 3.14. Kumtunda kwa Dedza, komwe kuli pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi kuchigwa, ndipo nawonso umachepetsa mphamvu. Mphepo ya mamita 3 pa sekondi yodutsa pa mapiko amenewa imanyamula pafupifupi 45W. Ya mamita 4 imanyamula 105W, ya mamita 6 imanyamula 355W, ya mamita 8 imanyamula 845W. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8. Koma zonsezo simungazikolole. Katswiri wa ku Germany, Albert Betz, adaonetsa zaka zoposa 100 zapitazo kuti palibe makina omwe angatenge kuposa 59 peresenti ya mphamvu ya mphepo, ndipo makina opanga pakhomo akafika pa 25 peresenti achita bwino. Ndiye kuti pa mphepo yonjenjemeretsa masamba mupeza 11W, pa youlutsa fumbi 90W. Bambowo atayang'ana manambalawa adangoti, "Ndiye kuti nkhani si makina, nkhani ndi malo." Adalasa.

Kuseri kwa nyumba mphepo inkafika itaphwanyidwa kale ndi mtengo wa mapeyala ndi denga. Mchira wa makina unkangotembenuka uku ndi uku osakhazikika, chizindikiro choti mphepo ndi yosokonezeka. Malo abwino adali kumutu kwa munda, pamtunda poyang'ana kummwera chakummawa komwe mwera umachokera. Koma bambowa ndi mkamwini, ndipo munda ndi wa kuchikazi. Zidatengera mayi a kunyumba kukayankhula ndi amalume awo, mwini mbumba, kuti malowo aperekedwe. Ndikulemba izi chifukwa mabuku a zamagetsi sanena, koma kumudzi nsanja siyimikidwa ndi masamu okha. Chilolezo chidabwera mu Meyi.

Alternator tidaichotsa. Njira yodziwika bwino padziko lonse ndi ya Hugh Piggott wa ku Scoraig ku Scotland: zimbale zachitsulo zomatidwa maginito amphamvu, makoyilo opota pamanja n'kuwaumba mu utomoni, mapiko osema a matabwa, zonse zitakhala pa habu ya tayala la galimoto. Ndi njira yabwino, koma maginito ake ndi ovuta kupeza kuno ndipo ndi odula. Mwayi udabwera ndi mphwawo wa ku Joni, yemwe adatumiza mota yakale ya m'tayala la njinga ya magetsi. Mota yotere ili ndi maginito enieni, imatulutsa magetsi pa mawaya atatu, ndipo imayamba kukankhira moto m'batire la 12V ikamazungulira pafupifupi ka 150 pa miniti. Mapiko adamangidwa pa motayo mwachindunji, popanda lamba. Mu alternator yakale ija tidachotsamo kambale ka ma diode asanu ndi limodzi, kamene kamawongola magetsi a mawaya atatu kuti alowe m'batire. Bambowo adakondwa kuti sadaigule pachabe.

Kusamuka kudabala vuto lina. Kuchokera pa nsanja kufika kunyumba padali mamita 40. Pa 12V mtunda ndi mdani. Waya wa 2.5mm² wa mkuwa, kupita ndi kubwera mamita 80, ukanyamula ma amp 10 umataya pafupifupi 5.6V panjira, ndipo mphamvuyo imangotenthetsa waya. Wa 6mm² umataya pafupifupi 2.3V. Adagula wa 6mm², pang'onopang'ono, ndipo waya udawadyera ndalama zambiri kuposa china chilichonse pa makinawo. Ndidawachenjezanso za waya wotchipa wooneka ngati mkuwa koma mkati ndi aluminiyamu wopakidwa pamwamba. Mukapala ndi mpeni umaonetsa kuyera.

Juni ndi Julayi adabweza thukuta. Mwera ukakoka, mita inkaonetsa ma amp atatu mpaka asanu ndi limodzi kwa maola ambiri, ngakhale usiku. Ndipo adali masiku omwewo a mitambo ndi chisanu pomwe sola ya aphunzitsi inkapereka zochepa. Apa m'pomwe mphepo ili ndi phindu lenileni kuno kwathu: imabwera pa nyengo yomwe dzuwa ndi lofooka ndipo masana ndi aafupi.

Ngozi idachitika mu Ogasiti. Pofuna kuteteza batire, bambowo adagula leguleta ya sola n'kuyiika pakati pa makina ndi batire. Maganizo adali abwino, chida ndicho chidali cholakwika. Leguleta ya sola batire likadzaza imangodula, ndipo sola siivulala ikadulidwa. Makina a mphepo sali choncho. Batire ndilo katundu yemwe amawagwira kuti asathamange. Usiku wina wa mphepo batire lidadzaza, leguleta idadula, mapiko adatsala opanda chowaletsa. Anansi akuti phokoso lake lidawadzutsa. Magetsi adakwera mpaka kuotcha leguleta, ndipo phiko limodzi la PVC, lomwe dzuwa lidali litaliumitsa kale, lidathyokera patsinde n'kukagwa m'munda wa eni. Likadagwera munthu bwenzi lipoti lino lili lina.

Zitatha izi tidachita zinthu zomwe makina alionse a mphepo sayenera kuimikidwa popanda. Patsinde pa nsanja tidaika swichi yolumikiza mawaya atatu aja pamodzi. Mukaitseka, mota imalimba ndipo mapiko amangoyenda mwaulesi ngakhale mphepo ikule. Imeneyi ndiyo buleki. Ku batire tidaika mababu a kutsogolo kwa galimoto a 55W, olumikizidwa ku relay, swichi yodziyendera yokha, yomwe imawayatsa batire likafika pa 14.4V, kuti moto wotsala uzipsera pamenepo makina asamasuke. Kenako mchira. Tidauwotcherera pa hinji yopendekeka, ndipo mota tidaisunthira pambali pang'ono kuchoka pakati pa nsanja, kuti mphepo ikakula kwambiri izikankhira mapiko kumbali mchira n'kupindika. Mphepo ikatsika, kulemera kwa mchira kumabwezeretsa zonse pamalo.

Mapiko atsopano adasema a paini, matabwa omwe ku Dedza sasowa. Bambowa ali ndi dzanja, ndipo sindidafunike kuwauza zambiri kupatula kuti patsinde phiko likhale lopendekeka kwambiri, kunsonga likhale pafupifupi lathyathyathya ndi lopyapyala. Ntchito yomwe idafuna kuleza mtima ndi yolinganiza kulemera. Tidatsekera m'shopu mwawo kuti kamphepo kasalowe, n'kupachika mapikowo pa ekiselo ya njinga yothira mafuta. Phiko lolemera linkatsika lokha pansi pang'onopang'ono. Iwo n'kulilemba choko, n'kukhomera kawashala ku mbali inayo, n'kuzunguzanso. Lina n'kutsika. Adachotsa washala wamkulu, adaika wamng'ono, adapala pang'ono ndi galasi losweka kunsonga kwa lina, mpaka pomwe mapiko ankaima paliponse pomwe awasiya. Potsiriza adatenga chingwe n'kuyeza kuchokera nsonga kufika nsonga, mbali zonse zitatu, kuti zifanane. Atawakweza, kunjenjemera komwe kale kunkamveka mukagwira nsanja kudatheratu. Akamvuluvulu a mu Okutobala adawapeza okonzeka: mchira unkapindika, makina n'kupatuka, mphepo n'kudutsa.

Batire la aphunzitsi

Mabatire sadali achinyengo. Kope lidaonetsa kuti m'mawa uliwonse batire linkawerenga pansi pa 12.0V, kawirikawiri 11.6V. Batire la asidi lomwe lapumula likakhala lodzaza limawerenga pafupifupi 12.7V, likafika theka 12.2V. La aphunzitsi lidali lisanadzazepo chiligulireni.

Tidawerengera limodzi pa bolodi la kunyumba kwawo. TV ya 60W kwa maola anayi ndi 240Wh, kutanthauza ma watt kuchulukitsa ndi maola. Mababu anayi a 5W kwa maola asanu ndi 100Wh. Mafoni khumi ndi pafupifupi 100Wh. Ndiye padali mbala yomwe sankaiganizira: inveta inkakhala yoyaka usana ndi usiku, ndipo ngakhale palibe cholumikizidwa inkadya pafupifupi 10W, kutanthauza 240Wh pa tsiku. Zonse pamodzi 680Wh. Sola ya 100W pa tsiku la dzuwa labwino, mukachotsa zotayika, imapereka pafupifupi 400Wh. Batire lotere lili ngati ng'ombe yokoka ngolo tsiku ndi tsiku osaipatsa nthawi yodya: siigwa lero, koma dzinja silifika. Mkati mwake, mtovu wa m'mapuleti umagwira chikhungu cholimba cha sulphate chomwe sichisungunukanso, ndipo malo osunga moto amachepa mpaka kutha. Kuonjezera apo, batire la galimoto lili ndi mapuleti opyapyala opangidwira kulizira injini kwa masekondi ochepa, osati kukhuthulidwa usiku uliwonse.

Aphunzitsi ankafuna kuthamangira kukagula batire lina. Ndidawapempha kuti adikire mpaka kudya kutsike pansi pa zomwe sola ikupereka, apo ayi latsopanolo lidzatsata anzake. Inveta idayamba kuyatsidwa pa nthawi ya TV yokha. Mababu adasinthidwa kukhala a 12V osadutsa mu inveta. Adagula leguleta yomwe imadula magetsi batire likatsika kwambiri, ndi fyuzi yomwe tidaika pafupi penipeni ndi batire. Batirelo tidalitulutsanso kuchipinda chogona, chifukwa likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka ndi kanthethe kochepa. Zitatero m'pomwe adatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula batire la deep cycle la 100Ah, lopangidwira kukhuthulidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku. Pa pepala limasunga 1,200Wh, koma lamulo lomwe tidaika ndi loti asamadutse theka.

Chovuta sichidali mawaya. Chidali anthu. Mphunzitsi pamudzi sangabweze mnansi wobwera ndi foni madzulo. Mayi a kunyumba ndiwo adathetsa nkhaniyi mwa njira yawo: mafoni onse azibwera m'mawa, atchajidwe masana dzuwa lili pamutu, azitengedwa dzuwa lisanalowe. Palibe adakwiya, ndipo moto wa mafoni udayamba kuchokera ku sola mwachindunji m'malo mokama batire usiku.

Mu Seputembala pamudzi padagwa maliro, ndipo batire lidabwerekedwa kukaunikira pa siwa ndi kuyendetsa sipika ya kwaya. Lidabwera litatheratu. Aphunzitsi adandifunsa ngati ulendo wina akane. Sindikadawauza kuti akane. Pa maliro munthu sakaniza nyali, ndipo magetsi omwe sangaunikire pa siwa ya mnansi ine sindikuona ntchito yake. Chomwe chimapha batire si kutsika kamodzi, koma kugona lili lotsika. Tidazimitsa zonse kwa masiku angapo mpaka lidadzaza, ndipo batire lakale lija, lomwe likadali ndi kamoyo, adalisunga kuti likhale la pa zovuta ndi pa maukwati.

Sola yawo tidaikweza pa malata ndi timatabwa kuti mphepo izidutsa pansi. Sola ikatentha imafooka, pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yopitirira 25, ndipo malata a mu Okutobala aliyense amawadziwa. Tidaiyang'anitsa kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15. Ena amaipendeketsa kwambiri potengera zithunzi za kumaiko ozizira, koma kuno dzuwa la masana limadutsa pamutu chakumapeto kwa Okutobala n'kukhala chakummwera mpaka pakati pa Febuluwale, ndiye sola yoimirira kwambiri imataya dzuwa pa nyengo ya mvula pomwe lili losowa kale. Madigiri 15 amakwanira kuti madzi a mvula azitsuka fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi utsi wa tchire lootchedwa zimakuta galasi, ndipo kupukuta ndi kansalu konyowa m'mamawa kunkaoneka pa mita tsiku lomwelo. Tsamba limodzi la nthochi lomwe linkaphimba ngodya ya sola madzulo lidadulidwa, popeza timaselo 36 ta mu sola timalumikizana motsatana, ndipo kamodzi kakakhala pa mthunzi kamatsamwitsa tonse.

Kope ndi bokosi la mtsikana

Mu Novembala aphunzitsi adagula sola yachiwiri kwa wamalonda wina, yolembedwa 150W. Mtsikana ataiona adati, "Aphunzitsi, bwanji ikuchepa kuposa yakale ija ya 100W?" Adaiyeza dzuwa lili pamutu. Sola yeniyeni ya 100W imaonetsa pafupifupi 21V kapena 22V ikakhala yosalumikiza, ndi ma amp asanu ndi theka kapena asanu ndi limodzi mukailumikiza ku mita mwachindunji. Ya 150W iyenera kupitirira ma amp asanu ndi atatu. Iyi idalephera kufika asanu. Chizindikiro china n'chosafuna mita: sola ya 100W imakhala pafupifupi theka la sikweya mita kapena kuposerapo, ndipo pepala lomata kumbuyo silingasinthe kukula kwa galasi. Adaibweza, ndipo atakangana kwa nthawi adabwezeredwa ndalama. Sindidamuphunzitse mtsikanayu kukayikira kumeneku. Adakuphunzira poyeza m'mawa uliwonse.

Iye mwini adayenda pang'onopang'ono koma osabwerera m'mbuyo. Adapanga bokosi la thabwa lotchajira mafoni, lokhala ndi kachipangizo kotsitsa 12V kufika 5V, fyuzi pa nthambi iliyonse, ndi mawaya omangidwa mwaudongo moti mmisiri aliyense angawatsate ndi chala. Ndalama za kutchaja adasunga mpaka adagula sola ya 50W ndi batire lokulirapo. Pomwe tidasiyana maganizo ndi pa mabatire a lithium a m'malaputopu akale, omwe adaona pa intaneti anthu akuwalumikiza kukhala batire lalikulu. Kaselo kamodzi kotere sikayenera kudutsa 4.2V, ndipo popanda kabolodi koyang'anira selo iliyonse, kamodzi kofooka kangathe kutentha n'kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Nyumba yawo ndi yofolera ndi udzu. Ndidamupempha kuti asachite zimenezi m'nyumba, ndipo adamvera ngakhale sadakondwe. Maselo omwe adatola akuwagwiritsa ntchito limodzilimodzi m'matochi.

Dzinja ndi zomwe zatsala

Mvula itayamba, masamba a kope la mphepo adadzaza ndi mawu oti "masamba akunjenjemera" ndi "bata". Kuyambira Disembala mpaka Malichi makina adapereka zochepa kwambiri, kupatula mphepo yamkuntho yotsogolera mvula, yomwe ndi ya mphindi zochepa ndipo ndi yofunika kuithawa ndi buleki osati kuikolola. Banja la bambo wokonza njinga likadakhala mumdima miyezi imeneyi akadapanda kugula sola ya 50W mu Januwale. Nsanja tidaiika waya wokhuthala wotsikira ku chitsulo chokhomeredwa pansi chifukwa cha mphenzi, ndipo kukamachita ziphaliwali amachotsa pulagi ya waya wopita kunyumba. Madzi adalowa mu mota kudzera pomwe mawaya amatulukira, mabelingi n'kuyamba kulira. Adaitsitsa, adaiumitsa, adathira girizi n'kuiveka kachipewa ka lata. Kwa aphunzitsi, masiku a mitambo yotsatizana sola inkapereka mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a masiku onse. Lamulo lidali loti batire likawerenga pansi pa 12.2V m'mawa, tsiku limenelo TV palibe. Ana adadandaula, koma batire lafika mu Malichi likuwerenga 12.6V m'mawa wotsatira tsiku la dzuwa.

Wina akandifunsa poyambira, ndimamuuza mosabisa: sola, leguleta, fyuzi, mita ndi kope. Pa kwacha iliyonse yomwe yalowa, sola yabweza moto wochuluka kuposa makina a mphepo, ndipo ilibe chozungulira choti chithyoke. Makina a mphepo ndi a munthu yemwe ali pamtunda poyera, wayamba walemba mphepo ya pamalopo kwa miyezi, ndipo ali ndi mtima wokwera nsanja kukakonza. Koma sindingauze bambo wokonza njinga uja kuti adataya nthawi. Chaka chapitacho sankasiyanitsa volt ndi amp. Lero anthu a midzi yoyandikana akumabwera ku shopu kwawo ndi masola ndi mainveta oti awaonere, ndipo miyezi ya mwera nyumba yawo idali ndi moto wokwanira mpaka kuyendetsa mashini ometera a mwana wawo.

Ntchito yomwe ikudikira mu Epulo ndi ya nsanja. Chiswe chadya miyendo iwiri ya bulugamu pansi pa nthaka, ngakhale adaipaka oyilo wakuda poikwirira, ndipo mukaibaya ndi sikuludiraiva imalowa mosavuta. Makina atsitsidwa kale ndipo ali m'shopu. Tagwirizana kuti nsanja yatsopano ikhale ya paipi yachitsulo yoimirira pa hinji, yogwidwa ndi mawaya okoka mbali zinayi, kuti anthu atatu azitha kuigoneka pansi popanda wina kukwera. Waya wotsika mkati mwa paipi udzakhala ndi pulagi patsinde, kuti ukapotana chifukwa cha kutembenuka kwa makina azingoumasula. Aphunzitsi akusunga ndalama ya sola ina ya 100W, ndipo mtsikana adzapita nawo ndi mita pokagula. Mabatire akufa omwe ali kuseri kwa nyumba yawo akapititsidwa kwa ogula mabatire akale ali osaswa, chifukwa mtovu ndi asidi wake siziyenera kukhala pomwe ana amasewera. Paipi ikuyenera kugulidwa mbatata ikangokumbidwa, kuti maenje a nangula akumbidwe nthaka ikadali yofewa ndipo makina akhale ataimirira mwera wa mu Meyi usanayambe.